Nyenyezi za ku Dimba la Naphiri

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinagulitsa fodya wa chaka chonse n'kugula nsapato imodzi. Osati peyala ayi, imodzi, ya kumanzere. Wokayika akafunse kwa Nsaru, wogulitsayo akadali moyo ndipo inzake akundisungirabe.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi kwa Kabudula, koma ndinakwatira mudzi wina kuseri kwa Nsaru, moti nyumba, munda ndi dimba zonse zili pa malo a kuchikazi. Mkamwini wopanda ndalama amapatsidwa moni galu atapatsidwa kale. Ndiye ndinauza mkazi wanga Naphiri kuti ndikakhalako zaka ziwiri basi.

"Ziwiri zake ziti?" anafunsa.

"Zotsatizana," ndinayankha.

Ndinakhalako zisanu ndi zitatu.

Chipinda changa choyamba ku Joni tinkagonamo amuna asanu ndi mmodzi. Kutembenuka usiku tinkachita kupangana. Ndinasenza njerwa, ndinatsuka magalimoto, mpaka ndinapeza ntchito yosamalira kapinga ndi maluwa kwa mzungu wina wokalamba. Kumeneko ndinali ndi chipinda changachanga, ndipo m'pamene ndinadziwa kusungulumwa. Lamlungu ndinkayankhula ndi makina otchetchera kapinga. Anali omvetsera bwino, koma za kumudzi sankazidziwa.

Kutumiza ndinkatumiza, pamenepa asandinamizire munthu. Malata anapita, njinga inapita, ndi nyale yaikulu ya sola. Chimene chinauma ndi mawu. Poyamba ndinkaimba foni Loweruka lililonse. Kenako ndinaona kuti Naphiri akafunsa kuti "mubwera liti", ine ndinkayamba kutsokomola. Ndinachepetsa kuimba kuti nditeteze chifuwa. Pomaliza ndinkaimba pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha, ngati Mkhristu waulesi.

Abwana angawo matenda awo anali nyenyezi. Vuto ndi loti ku Joni kulibe mdima. Kumwamba kwake kuli nyenyezi zinayi, ndipo ziwiri mwa izo ndi ndege. Choncho chaka chilichonse kumapeto kwa Julaye tinkalongedza mipando yopinda, mabulangete ndi nyama, n'kuyenda pa galimoto tsiku lathunthu mpaka ku famu ina ya nkhosa kuchipululu. Kumeneko abwana ankatulutsa ndalama n'kulipira mdima. Ndikulumbira pali malemu bambo anga. Munthu wamkulu, wa magetsi m'nyumba ndi m'chimbudzi momwe, kulipira kuti kude. Ine amene ndinabadwira mu mdima waulere ndinkangoyang'ana pansi kuti ndisaseke.

Kunkazizira moti tiyi ndinkachita kutafuna. Tinkagona chagada pa mipando ija kuyambira tambala woyamba, nyenyezi n'kuyamba kuthothoka, ina uku, ina uko, ina yokoka mchira wautali. Abwana anandifotokozera kuti si nyenyezi zenizeni. Ati ndi fumbi limene lili m'njira ya dziko lathuli, ndipo chaka chilichonse nthawi yomweyo dziko limadutsa pamenepo, fumbilo n'kumapsa m'mwamba. Ntchito yanga inali kuwerenga. Usiku wina ndinawerenga mazana anayi. Abwana analemba makumi atatu, koma maso awo anali atatha, tisawaweruze. Ndinene zoona, ndinayamba kuikonda sabata imeneyo kuposa masiku ena onse a chaka. Foni kumeneko sinkagwira, ndipo ine sindinkadandaula.

Uthenga unabwera m'chaka chachisanu ndi chitatu, wochokera kwa a Yohane, malume ake a Naphiri, eni mbumba. Unali waufupi. "Akamwini, ankhoswe akumana pakutha pa Julaye. Mukabwera mudzadziyankhira. Mukapanda kubwera, tidzakusudzulani muli komweko, katundu wanu tikatula kwa Kabudula." Katundu wanga pamudzipo anali khasu ndi nsapato ija, koma nkhani sinali katundu. Nkhani inali yoti Naphiri asiye kukhala mkazi wanga. Ndinatsanzika. Abwana anandipatsa mipando iwiri yopinda, nati m'maso mwawo muli misozi chifukwa cha mphepo.

Ndinafika kutatsala masiku awiri. Nyumba ndinaipeza yofoleredwa ndi malata anga, koma kulowamo ayi, chifukwa mlandu unali usanakambidwe. A Yohane anandiyalira mphasa m'khitchini mwawo pamodzi ndi nkhuku. Mwana wanga Tadala, amene ndinamusiya akukwawa, anabwera n'kugwada bwinobwino. "Mwayenda bwanji, alendo?" anatero. Ndinayankha kuti ndayenda bwino.

Nyale yanga ya sola inali pamtengo pakati pa bwalo. Imawala moti atambala a m'mudzimo ankalira usiku wonse, ndipo awiri anali atasasa mawu kotheratu. Nyumba zinanso zinali ndi timababu pakhonde. Ndinatuluka panja, ndinayang'ana kumwamba, ndinaona kuti mdima wa pakhomo ndinaupha ndekha ndili ku Joni.

Mawu okanena kwa ankhoswe ndinalibe. Ndinali ndi mipando iwiri ndi nzeru imodzi. M'mawa ndinamupeza Naphiri akusankha nyemba.

"Naphiri, usiku uno ndikuonetsani chinthu chimene azungu amalipira ndalama kuti achione."

Sanadzutse mutu. "Nthawi yanji?"

"Tambala woyamba. Koma pakufunika malo a mdima weniweni."

"Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndili ku dimba. Ukachedwa chitsime umapeza matope okhaokha. Mukafuna mubwere, kheni ina yothirira ilipo."

Usiku nthawi itakwana tinanyamuka, iye patsogolo ndi makheni, ine pambuyo ndi mipando. Kum'mawa kunali kufiira ndi magetsi a ku Lilongwe ngati lupsa la kutali. Titangotsetserekera kudambo, chitunda chinabisa zonsezo, ndipo kunada. Kunada moti ndinafufuza mphuno yanga ndi dzanja kuti nditsimikize kuti ndabwera nayo. Nyenyezi zinali zothithikana kuposa za ku famu ya nkhosa ija. Abwana akanafika pamenepo akanagula dimba lonse ndi achule omwe.

Ndinatambasula mipando m'mphepete mwa mabedi a tomato. Naphiri sanakhale. Anatunga madzi n'kuyamba kuthirira. Posakhalitsa yoyamba inathothoka, yoyera, kulowera cha ku Namitete.

"Imodzi!" ndinafuula. "Mwaiona?"

"Ptu!" Naphiri analavula pambali, osasiya kuthirira.

Yachiwiri inadutsa. Analavulanso.

"Kodi mwameza kachirombo?"

"Inu mwakhalitsadi kunja. Mwaiwala? Nyenyezi ikathothoka ndiye kuti kwinakwake munthu wafa. Umalavula kuti asakhale wako."

"Aa, Naphiri, munthu wa kwaya ngati inu? Abambo mfumu amaletsa zimenezo."

"Abambo mfumu alibe mwamuna ku Joni."

Ndinakhala tsonga pa mpando.

"Zimenezi zimagwa chaka chilichonse mwezi uno," anapitiriza, mawu ake ali phee ngati akunena mtengo wa mchere. "Ine ndimakhala ndili pano ndekha. Inu Julaye simunaimbepo foni. Chaka chimene anabweretsa maliro a mwana wa a Gama kuchokera ku Joni, bokosi lili pa ngolo imodzi ndi mafiriji a anthu, ndinalavula mpaka kukamwa kunauma. Ndinamwa madzi a m'kheni n'kupitiriza."

Ndinaganiza kuti apa m'pamene maphunziro anga agwire ntchito. Ndinamufotokozera zonse monga anandiphunzitsira abwana: kuti si nyenyezi, kuti palibe amene amafa, kuti ndi fumbi chabe limene limapsa m'mwamba, ndipo kuti ine ndakhala ndikuliona chaka ndi chaka, masiku omwewa, nditafunda bulangete, nyama ili pamoto.

Naphiri anaika kheni pansi.

"Masiku omwewa?"

"Omwewa ndithu."

"Inu mukudya nyama."

"Pang'ono chabe."

"Ndiye mukanaimba foni, bambo a Tadala, n'kundiuza kuti ndi fumbi."

Ine ndine munthu amene sindinasowepo yankho chibadwire. Azamba amati ndinawayankha moni tsiku lobadwa. Koma pamenepo ndinangodzuka pa mpando. Ndinapinda mipando yonse iwiri, ndinatenga kheni inayo n'kupita kuchitsime. Tinathirira mabedi khumi ndi awiri. Madzi ankaluma zala. Kumwamba zinkathothokabe, ine osawerenga.

Dzuwa litatuluka tinawapeza a Yohane atavala jekete la milandu, ankhoswe a mbali zonse atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Ndinayamba kukonza kukhosi. Naphiri anagwada chapatali, matope akadali m'miyendo.

"Malume, pepani kuti mwavutika. Mlanduwu uyambe wadikira. Tomato ali pa maluwa, ndipo wothirira naye ndilibe. Tikakolola mudzaitane anthu."

"Nanga pakadali pano mkamwiniyu azigona kuti?" anafunsa a Yohane.

"Nkhuku zanu zadandaula kuti amachita nkonono. Abwere, pabalaza pali malo."

Ankhoswe anamwa thobwa n'kubalalika, jekete linabwerera m'sutikesi.

Tomato uja tinakolola. Tsiku lomwe tinazula mitengo yake, Naphiri anawokera anyezi. Anyezi atatha anafesa mpiru, ndipo mvula itagwa anati chimanga sichingalimidwe ndi munthu amene ali pa mlandu. Pabalaza ndinachokapo mwezi wachiwiri, koma zimenezo si za m'buku. Papita zaka zitatu tsopano. A Yohane akandiona ndikutsetsereka ndi makheni amafuula kuti, "Akamwini, mlandu wanu uja ulipobe, eti!" Ine ndimavomera mwaulemu kuti ulipo.

Dzulo ndinamuona Naphiri akuyanika njere za tomato pa chiguduli. Zinali zambiri, zokwana kubzala kuchokera pano mpaka ku Mchinji. Ndinangopita kukamata kheni yanga, imadontha.