Filiji Yosunga Banja la a Wilbroad

Nkhaniyi ndinaimva kutchalitchi, ndipo ine zakutchalitchi ndimakhulupirira theka, theka linalo ndimasungira mawa. Akuti filiji ya kwa a Wilbroad inafa kalekale, ndipo chimene chimang'ung'udza m'khitchini mwawo ndi makina ometera amene mkuluyu amabisa kuseri kwake.

Munthu wamkulu ndi ndevu zake anamiziranji filiji? Dekhani.

A Wilbroad ndi ometa tsitsi, kwawo ku Nguludi. Shopu ili pansi, banja lili pamwamba, ku Dún Laoghaire, kufupi ndi Dublin. Tsitsi la makasitomala limakwera lokha masitepe kukagwera m'tiyi. Akazi awo, a Edna, amasamalira okalamba, ndipo ana awo ukawafunsa m'Chichewa amakubwezera Chingerezi ngati chenji.

Nyumbayo ndi ya Mayi Devlin, gogo wachiairishi amene anabadwira pamwamba pomwepo, bambo ake akugulitsa nsapato pansi. Filijiyo anagula ndi amayi ake, yoyamba mumsewu wonsewo, moti anansi ankadzasungitsamo batala. Ndi yonenepa mapewa, yoyera mwa dzino la nkhalamba. Popereka makiyi gogoyu anati, "Filiji ya amayi ikamalirabe, palibe wokutulutsani muno."

Tsono Dublin ya masiku ano mukuidziwa. Anthu a matayi amaima pamzere mvula ili pamsana kuti angosuzumira kachipinda ka lendi. Filiji ija ikatsokomola, banja lonse limasiya kutafuna.

"Masauko! Chitseko chimenecho usamenyetse!"

"Dad, it's just a fridge."

"Fridge? Amenewa ndi agogo ako. Apepese!"

Chaka chino mphwake wa gogoyu wayamba zoti nyumba igulitsidwe. Loweruka lina anabwera ndi gogoyo kudzamva ngati filiji ikupumabe. Ine ndinali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi. A Wilbroad atawaona pawindo anangondisiya, nkuthamangira pamwamba makina ali m'manja.

Ndinati eya, lero ndiye lero. Ndinawatsatira ndi nsalu yanga m'khosi.

"Madala, mukufuna chiyani kuno?" anatero a Edna.

"Ndabwera kudzazonda odwala, mlamu."

"Odwala ndinu. Taonani mutuwo."

Mphwake uja, mnyamata wa nsapato zosongoka, anazungulira filiji ngati akugula ng'ombe pa Lunzu. Filiji ili duu. A Wilbroad thukuta kamukamu, dzanja lili m'thumba momwe munali makina. Ine maso pathumbapo. Gogoyo anagunditsa khutu pachitseko, kenaka anaimenya kambama m'nthiti, nkunena kuti amayi ake ankatero. Filiji inanjenjemera, mabotolo nkuwombana, kulira kunayamba.

Mnyamatayo sanakhutire. Anaikankha kuti aone kuseri, ine nkumuthandiza mwaulere, poti ndine munthu wachifundo. Tinapezako fumbi ndi supuni imodzi. Ndinatsegula kachitseko ka m'kati nkukhudza ayezi, chala chinamatirira mpaka a Edna anachita kuthirapo madzi ofunda, akuseka ngati si Mkhristu.

Gogoyo anatenga chikwama chake nati nyumba sikugulitsidwa, mphwake akafune zina zochita.

Makina ometera anali m'thumba, osayatsa. Filijiyo ndi yamoyo. Kutchalitchi ananama.