Chimanga Chokunkha cha Amayi

Fungo la mapesi ouma limandibwezera kukomboni ya pafamu ina kufupi ndi Centenary, chaka chimene ndinaphunzira kusunga mangawa. Eni munda akatha kukolola, ife aganyu tinkaloledwa kukunkha zotsalira. Amayi ankawerama kuyambira mame mpaka dzuwa kupendeka, kutola chimanga m'fumbi, zala zitang'ambika ndi mapesi. Chimenecho ndicho chinkatifikitsa ku mvula.

Tsiku lina Takudzwa, mwana wa eni munda, mnyamata wonenepa amene khasu ankangoliona kwa anzake, anatipeza dengu litadzaza. Anati taba. Analigudubuza ndi phazi, kenaka anadutsapo ndi thirakitala, akuseka. Amayi anagwada n'kuyamba kutola zophwanyikazo.

"Usayankhe, mwanangu," anatero. "Tilibe kwina."

Ine mtima unawira, ndipo sunaphwe.

Masiku amenewo panali Mtchaina wokumba mjigo, tinkangomuti Mudhara Chen, kutanthauza mdala Chen. Ankadya mpunga pansi pa mtengo, ife ana titamuzungulira ngati nkhuku. Njere imodzi ikagwa ankaitola, kuiuzira, n'kuidya. Titamuseka, anatiuza m'Chishona chake chothyokathyoka kuti kwawo mwana amaphunzitsidwa kuti njere iliyonse ndi thukuta la munthu, ndipo wotaya chakudya amataya madalitso ake omwe.

Anzanga anangomva nkhani. Ine ndinamva chilango cha Takudzwa. Ndinkamuyang'ana akamadutsa, kudikira kuti aonde, athothoke mano, thirakitala imugwetse. Kutchalitchi ndinkatsinzina kwambiri kuposa aliyense, ndipo zimene ndinkapempha sizinali zachikhristu.

Mvula itayamba, matalala anagwa akuluakulu n'kung'amba fodya yense wa kwawo kwa Takudzwa, masamba kusanduka nsanza. Ndinathamangira panja n'kuvina, matalala akundimenya m'mutu, ndikukuwa dzina lake. Amayi anangokhala pakhomo, atagwira tsaya.

"Ukuvinira chiyani?" anandifunsa. "Fodya amene tikanathyola ndi ameneyo."

Ganyu anatha. Takudzwa atate ake anamugulira kombi yonyamula anthu, iye n'kupita ku Norton wonenepa monga kale. Ife tinadya mango osapsa ophika mpaka maungu atakhwima, ndipo amene anaonda ndi amayi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti Mudhara Chen anandipatsa temberero loti ndiponyere mdani. Lero ndikudziwa kuti ankanena za mbale ya munthu mwiniwake, ndipo ana anga sasiya kanthu m'mbale. Koma Takudzwa sindinamukhululukire. Mwana wanga akagwetsa njere ndimatola ndine, ndipo ndikawerama ndimamvabe thirakitala ija.