AnyaGondwe Akudikira Kuti a Malizani Anenenso

Mayi Vera Gondwe ali ndi zaka 59, ndi mayi wamasiye, ndipo amasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la nyumba yawo ku Biwi. Kutchalitchi amawaitana anyaGondwe, monga amaitanirana kwawo ku Rumphi. Pabwalo la mpira ankawaitana Tcheya. Dzina limenelo linatha mu 2017.

Timu ya mpira wamanja ya Mpheta Sisters anaiyambitsa ndi iwo mu 2004. Anayamba ndi atsikana asanu ndi anayi, mpira umodzi, ndi mitengo iwiri ya bulugamu yomwe wowotcherera zitsulo wina anaikako mikombero. Mabibu, timalaya tovala posewera, anasoka okha ndi zidutswa zotsala pa mayunifolomu. Lamulo lawo linali limodzi: mtsikana wojomba kusukulu sakhudza mpira. Makolo analikonda lamulolo. Pofika 2016 timu inkakasewera ku Dedza, ku Salima ndi ku Kasungu, ndipo atsikana awiri anali atatengedwa ndi matimu akuluakulu.

Timu ikatchuka, oifuna amachuluka. Mlembi wake anali bambo Malizani Chimphepo, mphunzitsi wopuma pantchito, mkulu wa mpingo womwe anyaGondwe amapemphera. Munthu wa mawu ofewa ndi jekete losita bwino. Loweruka pa 11 Marichi 2017 panali msonkhano wa makolo pabwalo. AnyaGondwe panalibe, anali kuchipatala ndi amuna awo omwe ankadwala impso. A Malizani anaimirira pamaso pa anthu oposa makumi asanu, nanena kuti timu ikapita kutali, Tcheya amapereka atsikana kwa azibambo m'malo ogona alendo. Kenaka anawerenga kalata yoti Tcheya watula pansi udindo chifukwa cha manyazi. Pansi pa kalatayo panali dzina la anyaGondwe, losainidwa. Iwo sanalembe kalatayo ndipo sanasaine. Tsiku lomwelo a Malizani anakhala wapampando.

Nkhani yotere anthu safufuza. Azimayi anasiya kutuma ana aakazi kudzayesa mayunifolomu. Ankabwera okha ndi muyeso wa mwana pakachingwe. Kumpingo anawaimitsa kuphunzitsa atsikana, ati mpaka nkhani ioneke mutu wake. Pampopi, anyaGondwe akafika, macheza ankatha.

Mchimwene wawo, a Zebedee, oyendetsa lole, anati apite kukhoti sabata yomweyo. AnyaGondwe anakana. Anakula akudziwa kuti mkhristu sakokera mnzake kukhoti asanapite kwa akulu a mpingo. Analemba dandaulo pa 3 Epulo 2017, nafotokoza zonse, za mawuwo ndi za kalata yabodza. Anapempha mlembi wa mpingo kuti adinde chidindo pa kope lawo, kuti wina asadzakane kuti sanalandire.

Abusa anati mitima iyambe yazizira. Chaka chotsatira amuna a anyaGondwe anamwalira, ndipo iwo anakhala chaka chathunthu osaikhudza nkhaniyo, poti wamasiye sayenda m'milandu manda asanaume. Atabwerera anapeza abusa aja atasamutsidwa. Atsopano anati ayambe awerenga mafayilo. Kenaka kunabwera mliri wa Covid, misonkhano inaima. Mu 2021 tsiku lomva nkhaniyo linaikidwa, koma kutatsala masiku anayi akazi a bambo Malizani anamwalira. Palibe amene amaitanira namfedwa kubwalo. AnyaGondwe anapita kumaliroko, anatunga madzi ndi kutsuka mbale pamodzi ndi azimayi anzawo. Mu 2022 abusa achitatu anawauza kuti angokhululuka.

Nthawi iliyonse ankalemba kalata yokumbutsa, ndipo iliyonse inkadindidwa. Makalata anakwana khumi ndi anayi. Ankawasunga mu envulopu ya khaki pansi pa makina osokera.

Chinawadzutsa ndi ukwati wa mwana wawo Tione. Mnyamata wa ku Area 25 anamufunsira, ankhoswe anakumana kawiri, tsiku la chinkhoswe linali pafupi kutchulidwa. Ulendo wachitatu, azakhali a mnyamatayo anafunsa ngati Tione ali mwana wa mayi uja wa atsikana a mpira. Atamva kuti inde, akuchimuna anati akaganize kaye. Atafunsidwa kuti aganiza mpaka liti, anati mpaka pakhale pepala losonyeza kuti zija zinali zabodza.

Mu Juni 2023 anyaGondwe anayenda wapansi kupita ku Old Town, ku ofesi ina yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere. Anawalandira loya wachitsikana, mayi Salama. AnyaGondwe anayala makalata onse patebulo, motsatana, ngati munthu woonetsa masatifiketi.

"Onani, mwana wanga. Sindinathamange ine. Ndinatsata njira."

Mayi Salama anawerenga kalata yoyamba, nawerengera pazala.

"Amayi, mawuwa ananenedwa liti?"

"Pa 11 Marichi 2017. Mboni zilipo."

"Mlandu wotere lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi kuti munthu akasume. Zanu zinakwana mu Marichi chaka chino."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Mwachedwa ndi miyezi itatu. Tikasuma, loya wawo angotchula za nthawi, ndipo woweruza sadzamva n'komwe ngati zinali zoona kapena zabodza."

"Bodza limatha ntchito ngati mankhwala?"

"Bodza silitha, amayi. Chimatsekeka ndi chitseko cha khoti."

"Koma ine sindinakhale pansi. Zidindo izi simukuziona?"

"Ndikuziona. Bwalo la mpingo siliimitsa nthawi ya khoti."

Kenaka loyayo anati pa kalata yabodza ija pakhoza kukhala mpata. Chinyengo chikabisidwa, nthawi imayamba kuwerengedwa tsiku limene munthu wachizindikira.

"Inu munadziwa liti kuti wina anasaina dzina lanu?"

AnyaGondwe anamvetsa zimene funsolo linkafuna. Akanati chaka chatha, chitseko chikanatseguka. Anayang'ana patebulo. Kalata yawo ya pa 3 Epulo 2017 inali pamwamba, ndi dzanja lawo, ndi chidindo chofiirira, ndipo mzere wachitatu unkanena za kalata yabodza. Kope lina linali mu kabati ya mpingo, ndipo makiyi a kabatiyo ankasunga akulu a mpingo, a Malizani ali mmodzi mwa iwo.

"Ndinadziwa sabata yomweyo," anatero.

"Ndiye nayonso yapita."

AnyaGondwe anasonkhanitsa makalata. Powalowetsa, envulopu inang'ambika pakona. Ali pakhomo anatembenuka.

"Palibe chilichonse? Ndi kamodzi komwe?"

"Pokhapokha atanenanso mwatsopano, pamaso pa anthu. Pamenepo nthawi imayambira tsiku limenelo." Mayi Salama anawayang'ana nkhope, naonjezera msanga: "Koma sindikuti mupite mukawapute."

Loweruka lotsatira anyaGondwe anapita kubwalo, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. A Zebedee anawaonetsa pokanikiza kuti foni ijambule mawu, nawaperekeza. Foniyo anaimangira pamfundo ya chitenje. Mitengo ya bulugamu ija inali itachotsedwa, panali zitsulo zopaka penti. Atsikana onse anali achilendo. A Malizani anali pampando wapulasitiki pansi pa ambulera, chimkuzamawu chili pamiyendo.

Nthawi yopuma itakwana, anyaGondwe anadutsa pakati pa bwalo n'kukaima patsogolo pawo.

"Bambo Chimphepo, nenaninso."

"Amayi athu, mwaswera bwanji? Anyamata, apatseni mpando amayi."

"Mpando munatenga kale. Ndati nenaninso zimene munanena pamalo ano."

"Ndinanena chiyani ine? Ukalamba uwu, amayi. Masiku ano ndimaiwala ndi pomwe ndaika magalasi."

"Za atsikana. Za malo ogona alendo. Anthu ndi awa, nenani."

A Malizani anayang'ana pamfundo ya chitenje, pomwe ngodya ya foni inkaonekera. Anamwetulira. Mwana wawo wamkulu anagwirapo ntchito mu ofesi ya maloya, ndipo masiku amene lamulo limapereka iwo ankawadziwa bwino kuposa anyaGondwe. Ananyamula chimkuzamawu.

"Makolo ndi osewera, lero tili ndi mlendo wolemekezeka. Awa ndi amayi amene anayambitsa timu yathu. Tiwaombere m'manja."

Anthu anaomba mwaulesi. Mayi wina amene anali pafupi anakokera mwana wake wamkazi kumbuyo kwake. AnyaGondwe anaona zimenezo, ndipo mtima unawathawa. Anakweza mawu. Anati a Malizani ndi wabodza, wakuba, munthu wosaina mayina a eni ake. Anabwereza katatu. A Zebedee anawagwira pamkono.

"Adumbu, mlongo wanga, tiyeni. Tsopano amene mukunena pagulu ndinu. Zawo ndi zakale, zanu ndi za lero. Akusumirani."

Lolemba anyaGondwe anabwerera ku Old Town ndi foni ija. Mayi Salama anamvetsera, mutu atagwira.

"Ndinakuuzani chiyani, amayi? Mwadzijambula nokha."

"Akandisumira chichitike n'chiyani?"

"Mudzayenera kuonetsa khoti kuti zimene mwanenazo ndi zoona."

"Ndiye kuti kalata yabodza ija idzafika pamaso pa woweruza?"

"Idzafika. Ngati asuma."

"Ndi mboni zanga adzazimva?"

"Amayi, mukagonja mudzalipira zimene mulibe. Makina anu adzapita."

"Apite. Andisumire."

Kuchokera pamenepo anyaGondwe ankapita kubwalo Loweruka lililonse timu ikasewera pakhomo. Ankaima pamalo omwewo n'kunena mawu omwewo: wabodza, wakuba, wosaina mayina a eni. Ankatchula tsiku, mwezi ndi chaka. Ankatchula dzina lawo lonse ndi pomwe amakhala, kuti wobweretsa masamoni asavutike. A Malizani ankavula chipewa, n'kuwafunsa za kunyumba, n'kutuma munthu awagulire madzi ozizira. Tsiku lina anyaGondwe anagwada pafumbi, pamaso pa timu yochokera ku Kawale.

"Abambo, ndagwira mwendo wanu. Ngati zinali zoona nenaninso. Ngati zinali zabodza nenani kuti zinali zabodza. Ukwati wa mwana wanga waima."

"Dzukani, amayi, mudetsa chitenje. Ine ndi inu tilibe mlandu."

Kumbali ya khoti, a Malizani anali kunena zoona. Analibe mlandu.

AnyaGondwe anayesa njira zina. Anafunafuna atsikana a timu yakale kuti alembe umboni. Ambiri anakwatiwa, ndipo amuna awo safuna kuti mayina awo amveke pankhani ya malo ogona alendo, ngakhale pokana. Awiri analemba. Akuchimuna kwa Tione anawerenga makalatawo n'kunena kuti munthu aliyense angathe kupempha anzake amulembere. Akulu a mpingo anati popeza nkhaniyi inakafika kwa maloya, yachoka m'manja mwawo. Mu Okutobala anawalembera kalata yowachenjeza kuti asiye kunyoza mkulu wa mpingo pagulu. Kalata imeneyo sinachedwe, inatuluka m'masiku asanu ndi atatu okha.

Anthu a ku Biwi anayamba kunena kuti mutu wa anyaGondwe sukuyenda bwino. Ana amawayeseza pamsewu, kutchula tsiku, mwezi ndi chaka. A Zebedee anasiya kuwaperekeza. Tione anawapempha akulira kuti asiye, poti tsopano kuntchito kwake akumuseka ndi nkhani ziwiri m'malo mwa imodzi. AnyaGondwe anamuyankha kuti akasiya, chotsala ndi chimene chinanenedwa mu 2017.

Mnyamata wa ku Area 25 anakwatira mtsikana wina mu Ogasiti 2024. Tione anasamukira kwa azakhali ake ku Mzuzu. A Malizani anasankhidwanso kukhala wapampando wa Mpheta Sisters popanda wopikisana nawo. Mpaka lero sananenenso mawu aja, ndipo sanasume. AnyaGondwe amasoka Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka amapita kubwalo.