Kalata ya Sekuru ndi Buku Lakale la m'Gemu

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndinali kale munthu wofunika pakomboni pathu, ndipo ndinkadziwa zimenezo. Tinkakhala papulazi ya fodya kufupi ndi Selous, m'mizere itatu ya nyumba zanjerwa kuseri kwa mabani owotcheramo fodya. Makolo a ambiri a ife anachokera ku Malawi, ena ku Tete. Anali anthu odziwa kusiyanitsa tsamba la fodya ndi linzake pongoligwira, koma pepala likafika ankaitana ine. Kalata ya Chichewa yochokera kumudzi, khadi la kukiliniki la Chingerezi, uthenga wa Chishona wochokera kusukulu, zonse zinkadutsa pakamwa panga. Ankandithokoza ndi maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, mwina dzira lowiritsa. Amayi ankati mutu wanga wayamba kukula kuposa duku.

Kalata imodzi yokha ndi imene inali isanandipeze. Inali ya bambo wina wachikulire wa kumapeto kwa mzere wachitatu, amene tonse tinkamutcha sekuru, kutanthauza agogo, ngakhale panalibe mdzukulu wake weniweni pakati pathu. Sekuru anali osonkhezera moto m'mabani, aatali, oseka ndi mapewa osatsegula pakamwa. Kwawo kunali ku Angonia, ndipo kumeneko anasiyako mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi. Mayina a awiriwo tinkawadziwa tonse, chifukwa akamwa masese ankawatchula. Nkhondo itavuta kwawoko, dalaivala wina wa lole anawabweretsera kalata. Inali ya Chipwitikizi, pamene iwo sukulu sanaiponde n'komwe. Anaikulunga m'pulasitiki ya shuga n'kuiika m'kachitini ka fodya wamphuno, ndipo inakhala momwemo zaka zisanu. Papulazi yoyandikana nafe panali mmisiri womanga nyumba amene anaphunzira kumishoni ku Tete, Chipwitikizi ankachiwerenga mosavuta. Anthu akawauza kuti apite kwa iyeyo, sekuru ankangoti, "Ameneuja amalankhulitsa." Aliyense ankadziwa kuti m'kachitinimo muli nkhani ya moyo kapena imfa ya anthu awiri. Ine ndinkangothokoza kuti palibe ankayembekeza kuti ndidziwe Chipwitikizi.

Chaka cha chilala, chija tinadya chimanga chachikasu, mwana wamkazi wa aforomani anabwera ndi gemu ya pa tivi kuchokera ku Botswana, kumene ankakaoda katundu. Magetsi ankathera kuyadi kwa mzungu ndi kuwekishopu, ndiye tivi ya aforomani, yosaonetsa mitundu, inkayendera batire ya thirakitala. Makaniko analumikiza mawaya mwa nzeru zake, kachinthuko kanayaka. Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, aforomani ankaika tiviyo pamwamba pa mgolo pakhonde, ife n'kukhala pafumbi, akuluakulu ataimirira kumbuyo ngati akungodutsa.

Kaseti inali imodzi yokha, yachikasu. M'gemumo munali kamunthu konyamula lupanga, kolowa m'mapanga kukamenyana ndi mileme ndi mafupa oyenda okha. Koma gemu isanayambe pankaoneka buku lakale, lothethekathetheka m'mbali, likutseguka lokha. Kenako pankatuluka zilembo, mizere ndi mizere, zooneka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Kaya zinali za ku Japan kaya za ku China, mpaka lero sindidziwa. Zilembo zikatha bukulo linkang'ambika, masamba n'kuuluka uku ndi uku, kamunthu kaja n'kuyamba ulendo.

Tsiku loyamba lomwelo aforomani anandiloza ndi ndodo yawo, n'kundilamula m'Chishona kuti ndiwerenge.

"Iwe musikana, verenga tinzwe. Akuti chiyani apa?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Kwa anthu akwathu kuwerenga kunali ngati kulima: wodziwa kugwira khasu sasankha munda. Ndikanati sindidziwa, akanayamba kukayikira makalata onse amene ndinawawerengerapo. Komanso, ndisabise, mawu oti sindidziwa ankandivuta kutuluka pakamwa kuyambira ndili mwana. Ndinadzuka, n'kupukuta chala pa diresi, n'kuchiika pagalasi la tivi.

Ndinawerenga kuti bukulo linalembedwa kalekale, Azungu asanabwere, ndi mlembi wa mfumu ina ya kumapiri. Analilemba pachikopa cha mbuzi, inki yake mwaye wosakaniza ndi madzi a fodya. M'menemo munalembedwa kumene mvula imagona ikakhala sikugwa, ndi mawu oidzutsira.

Pamenepo akuluakulu aja anasiya kunamizira kudutsa, anasendera. Chaka chimenecho damu la papulazi linali litang'aluka pansi.

"Nanga analing'amba ndani?" anafunsa mayi wina wa mzere woyamba, amene sankalola nkhani kudutsa osaigwira mchira.

"Akazi a mfumu," ndinatero, chala chikuyendabe ngakhale zilembo zinali zitazimiririka. "Analipo asanu ndi awiri. Mfumu itamwalira analimbirana, aliyense anathawa ndi tsamba lake."

"Shuwa, mitala ndi choncho," anatero mayiwo, atakhutira.

"Ko kamunthuko ndi ndani?" anafunsa aforomani.

"Ndi mdzukulu wa mlembi uja. Ankagwira ntchito papulazi, koma anamuchotsa chifukwa chogona m'shedi."

Aforomani anagwedeza mutu ngati kuti akumudziwa.

Vuto linali batire. Ikayamba kutha, chithunzi chinkachepa pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, kamunthu n'kufupika mpaka kukhala ngati nyerere, kenako mdima. Palibe anadutsapo phanga lachitatu. Gemuyo inalibe chikumbumtima, Lamlungu lililonse inkayambiranso pachiyambi, buku lija n'kutsegukanso, ine n'kuitanidwanso. Munthu wanzeru akanangobwereza zomwe ananena sabata yatha. Ine kubwereza kunkanditopetsa, ndiye mbiri ya bukulo inayamba kunenepa. Linabedwa ndi nyani amene ankafuna kufunda nthawi ya chisanu. Linagulidwa ndi wamalonda wa mchere posinthanitsa ndi nkhuku yopanda diso limodzi. Linakhala zaka makumi anayi likutchinjiriza mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere. Tsamba lonena za mvula yoyamba linadyedwa ndi chiswe, n'chifukwa chake chiswe chimadziwa za mvula anthu asanadziwe. Pamenepa anthu anavomereza kwambiri, poti aliyense anaonapo inswa zikutuluka.

Mayi wa mzere woyamba uja ndiye ankandisowetsa mtendere.

"Nhai iwe, sabata yatha si unati chikopa cha mbuzi? Lero chasanduka cha ng'ombe?"

"Chikuto ndiye cha mbuzi, mai. M'kati ng'ombe."

Mkulu wa mpingo anadandaula kuti mwina bukuli ndi la mizimu, Akhristu sayenera kulimvetsera pa Sabata. Lamlungu lotsatira ndinapeza mzere umene ndinali ndisanauone, wonena kuti linawazidwa madzi odalitsidwa kawiri. Mkuluyo anayamba kubwera ndi mpando wake.

Amayi okha ndi amene sindinawapusitse. Tikutsuka mbale anandifunsa, osandiyang'ana, "Kusukulu kwanu munayamba liti Chitchaina?"

"Teremu ino."

Ananditsina khutu ndi dzanja lasopo, koma ndinaona kuti akuluma mlomo kuti asaseke. Anati bodza lilibe mwendo, tsiku lina ndidzalinyamula ndekha pamsana.

Sekuru sankalephera kubwera. Ankakhala pa njerwa kumbuyo kwa onse, kachitini kaja kakuoneka m'thumba la malaya. Gemu yeniyeniyo analibe nayo ntchito, kamunthu kakayamba kumenya mileme iwo ankanyamuka. Ankabwerera buku basi. Ndikamawerenga ndinkaona mapewa awo akugwedezeka, ine n'kumaganiza kuti ndawagometsa.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lamlungu lina ndinawonjezera kuti bukulo linafika m'manja mwa wansembe wa Chipwitikizi ku Tete, amene analembako zake m'mphepete. Mayi uja anafunsa kuti analemba m'chinenero chanji. Ndinati m'Chipwitikizi, nanga angalembe m'chiyani, ndipo ndinamasulira pomwepo kuti wansembeyo ankadandaula za udzudzu. Anthu anaseka, ine ndinanyada. Sindinaganize n'komwe kuti ndangouza komboni yonse kuti Chipwitikizi ndimachidziwa.

Mawa lake ndikuchokera kusukulu, sekuru anandiitana. Anali atakhala pamulu wa nkhuni za bulugama pafupi ndi mabani, dzuwa likuswa mtengo. Nditafika ndinagwada monga mwa mwambo, iwo anatulutsa kachitini. Anamasula pulasitiki ya shuga pang'onopang'ono ndi zala zawo zakuda ndi mwaye, n'kundipatsa pepala ndi manja awiri.

"Muzukuru, tandiwerengera."

Linali pepala la m'kope, lolembedwa mbali imodzi ndi bolopeni yabuluu, lofewa ngati nsalu m'mopindamo. Zilembo zinali zathu zomwezi, ndikanatha kuzitchula, koma mawu ake sindinamve ngakhale limodzi. Maso anga anatsika mpaka chakumunsi. Pamenepo wolembayo anajambula kamtanda kakang'ono, ndipo pambali pake panali dzina. Dzina silisintha ndi chinenero. Linali limodzi mwa awiri aja.

Ndinagwira njakata. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi amene ndinali ndisanawamvepo. Ndinayang'ana pansi n'kunena mawu ovuta aja.

"Sekuru, Chipwitikizi sindichidziwa. Ngakhale za pa tivi zija ndimangopeka. Zonse."

Mapewa aja anayamba kugwedezeka.

"Ndinadziwa tsiku loyamba," anatero. "Zilembo zatha, chala chako chikuyendabe. Ine sukulu sindinapite, koma maso ndili nawo."

"Ndiye bwanji osapita kwa amisiri aja? Iwo akuwerengerani zenizeni."

"Zenizeni ndikanazifuna ndikanapita kalekale, si patali. Ndabwera kwa iwe. Werenga monga umawerengera Lamlungu."

Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akundiyesa. Sankandiyesa. Anali atatsamira nkhuni, manja pamawondo, akudikira ngati munthu amene walipira kale tikiti ya basi. Ndinapukuta chala pa yunifolomu n'kuchiika pamzere woyamba.

Ndinayamba ndi moni, monga makalata onse a kumudzi amayambira. Ndinati kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Ndinati nkhondo inadutsa kutali, kuno tinangomva mphekesera. Mvula inagwa bwino, nkhokwe yadzaza, mbuzi zaswana.

"Mbuzi tinalibe," anandidula. "Nena nkhumba."

"Pepani, ndinawerenga molakwa. Nkhumba zaswana. Imodzi inalowa m'tchalitchi nthawi ya misa."

"Yamawanga imeneyo. Inali yosamva."

Nkhumba yamawangayo, ikanakhala ndi moyo, ikanakhala nkhumba yokalamba kuposa zonse za ku Angonia, koma tonse awiri sitinalabadire. Ndinapitiriza. Denga lakhitchini analifolera. Mtengo wa mapichesi wa kuseri kwa nyumba unabereka mpaka nthambi kuthyoka. Apa sanandikonze, anangotseka maso, ndiye mwina mtengowo unalipodi. Mwana wawo ndinamukwatitsa kwa mnyamata wa njinga, waulemu, wosamwa.

"Wa kwa yani?"

"Sanalembe. Angoti ndi wa kutsidya kwa mtsinje."

"A kutsidya ndi aulesi," anatero, "koma ngati ali ndi njinga, chabwino."

Chala changa chinali kutsika, ndipo malo anali kutha. Nditayandikira kamtanda ndinakaphimba ndi chala chachikulu. Ndinamaliza mofulumira kuti tikupereka moni wambiri, musatidere nkhawa.

"Onse awiri akupereka moni?"

"Onse awiri, sekuru."

M'bani munkamveka moto ukulilima. Kenako analandira kalata yawo, n'kuipinda motsatira mizere yake yakale.

"Kamtanda wabisako ndinakaona tsiku lomwe kalata inafika," anatero. "Mtanda sufuna sukulu. Koma dzina lili pambali pakelo waliona ndiwe. Ndikapita kwa mmisiri uja adzalitchula ndisanakhale n'komwe pansi. Pakali pano ndikadzuka m'mawa ndimasankha ndekha: lero ali moyo ndi mayi, mawa ali moyo ndi mwana. Iwe ulisunge. Ndikadzalifuna ndidzakuuza."

Anandipatsa mbatata yootcha imene anali ataiika pafupi ndi moto wa bani, n'kundiuza kuti ndizipita, amayi angandifune. Ndinaidya m'njira ndikulira, chifukwa njala inalipo ndithu.

Sekuru anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Nthawi iliyonse akandiitana ndinkati lero ndi lero. Ankangofuna ndiwalowetsere ulusi m'singano, kapena ndiwanyamulire ndowa kuchokera kumpopi. Anamwalira ndili ku Norton, kumene ndinali nditayamba ntchito, asanandifunse. Dzinalo sindinauzepo munthu, ndipo ndikadali nalo.