Gudumu la Pa Lamduan

Pa Lamduan, kutanthauza kuti Azakhali Lamduan, anayamba kukazinga nthochi pansi pa kachere wa pakona ya msewu wawo mu Bangkok mano akadali onse m'kamwa. Chimwalirire amuna awo, ngolo yomwe amakazingirapo sinasunthenso. Akaweruka ankangoifunditsa lona, n'kunyamula chiwaya, ulendo wa kunyumba. Kachere naye sanachite ulesi. Anatsitsa muzu n'kuulowetsa pakati pa masipoko a gudumu lakumanzere, ndipo muzuwo unanenepa ngati ntchafu ya munthu.

Chaka chino khonsolo inakhwimitsa lamulo lakuti wogulitsa m'mbali mwa msewu azichotsa ngolo yake akaweruka kuti pasesedwe. Amene ngolo yake siyenda, chilolezo chake chithera pompo. Mayiwa anada nkhawa zedi, pakuti kupatula kona imeneyi analibe pena pogwira.

Wodzayendera anali Khun Wirat wa ku khonsolo, bambo wofatsa wokonda zotsekemera.

"Pa, tayikankhani ndione."

"Kankhani nokha, bwana. Nyonga za boma zili ndi inu."

Bamboyo anakankha mpaka malaya kunyowa, ngolo ili nji. Atasuzumira pansi anaona muzu uja.

"Apa n'kudula basi."

"Chikwanje chilipo. Ndikubwerekeni?"

Khun Wirat anayang'ana nsalu zamitundumitundu zomwe anthu anamanga pathunthu, ndi timabotolo ta zakumwa zofiira toikira mzimu wa mumtengomo. Anaphatikiza manja n'kuwerama pang'ono.

"Ine ayi, Pa, ana anga akadali aang'ono. Koma Lachisanu ndibweranso, ndipo cholembera changachi sichidziwa za mizimu."

Mumsewu wonsewo panalibe wolimba mtima wokhudza muzuwo. Ngakhale anyamata a njinga zamoto, omwe pakamwa ndi akatswiri, tsiku limenelo aliyense anali ndi kasitomala womudikira. Nzeru inachokera kwa Lung Prasit, mkulu womata matayala tsidya la msewu.

"Mukulimbiranji ndi mtengo, mayi inu? Wakonda gudumu, mpatseni. Kapena mukufuna kudzapita nalo kumanda?"

"Pakamwa panupo mudzamatepo ndi guluu wanu yemweyo," anayankha Pa Lamduan, koma anavomera.

Lung Prasit anamasula mabawuti adzimbiri, gudumu lakale n'kulisiya chiimire m'muzu, ndipo anaikapo lina la njinga yamoto yakufa. Lachisanu ngolo inayenda, ikulira kwii kwii msewu wonse n'kumva. Khun Wirat anadinda chilolezo, anagula nthochi zotentha, napita akuuzira zala.

Madzulo ake Pa Lamduan anayamba kukankha ngolo kupita kunyumba. Poyamba zinkayenda, mpaka anawabayibitsa Lung Prasit monyada. Koma njira ya kwawo imakwera kamlatho ka pangalande, ndipo pakati pa chikwezacho ngolo inayamba kubwerera m'mbuyo. Anavula patapata n'kuitsamiritsa kugudumu kuti ngolo isabwerere, iwo n'kukhala pansi.

Sankadziwa kuti ngoloyi ndi yolemera chonchi. Zaka zonse zija malemu amuna awo ankaikweza pamlathopa m'mawa ndi madzulo osadandaula, iwo ali patsogolo ndi kadengu kawo, akukalipa kuti bambo inu mumayenda ngati mukupita kumaliro. Chisoni chinawagwira, ndipo analira pang'ono anthu akudutsa.

Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, anavala patapata yawo, n'kuyambanso kukankha.