Madzi amene ndinameza

Bambo anga anagwa ndi sitiroko m'munda wa kachewere, mwezi wa chisanu. Ine ndinali m'chaka chachiwiri kusukulu ya uphunzitsi. Kuchipatala cha ku Boma anagonako sabata imodzi, kenako anabwezedwa kunyumba ali osayankhula, mbali yakumanja itafa.

Sabata yomweyo tinkaphunzira za mmene maganizo a munthu amagwirira ntchito. Aphunzitsi athu, bambo wa nthabwala zambiri, anati dokotala wina wakale wa ku Ulaya anagawa munthu patatu. Pali mbali yongofuna, yopanda manyazi ngati khanda. Pali mbali yoletsa, imene imayankhula ndi mawu a makolo ako. Pakati pali iwe amene umadzidziwa, ntchito yako kuleretsa awiriwo. Zimene mbali yoletsa yakana sizifa ayi. Zimakankhidwira pansi pomwe mwini wake sangazione, ndipo zimadzatulukira m'maloto.

"Zimene mwalota," anatero, "ndi zimene mumafuna, koma mukuopa kudziuza."

Kalasi yonse inafa nako kuseka, aliyense akuloza mnzake. Ine sindinaseke. Masiku awiri bambo asanagwe, ndinali nditalota ndikusita suti yawo yakuda yoti akaikidwe nayo m'manda. M'lotolo sindinkalira. Ndinkaimba.

Bambo anali akatekisiti, munthu wa mawu amodzi. Ine ndinkafuna unamwino, ndipo kalata yondiitana inabwera. Anaing'amba ine ndikuona, amvekere mwana wawo wamkazi sangamasambitse amuna a eni. Ndinalira, ndinakaulula mkwiyo wanga kwa ansembe, ndipo ndinkadziwa kuti ndinawakhululukira. Koma tsopano ndinamva kuti kudziwa kwangako n'kwapamwamba chabe. Kwathu timakula tikumva za anthu amene amatamba iwo eni osadziwa. Ndinayesetsa kusiyanitsa nkhani imeneyo ndi ya m'kalasi, koma zinandikanika. Ndinayamba kudziopa ndekha.

Loweruka ndinakwera minibasi, n'kukatsikira pa Linthipe. Kunyumba ndinapeza azakhali, mlongo wawo wa bambo, atasonkhanitsa ana tonse anayi. Anatseka chitseko masanasana, poti zimene ankafuna kuchita si za kutchalitchi. Amayi anangokhala pakona, kolona ili m'manja.

"Matendawa akukakamira chifukwa pali wina wawasungira chakukhosi," anatero azakhali. "Aliyense atenge madzi m'kamwa, alavulire pansi, anene kuti alibe nawo chifukwa. Akapanda kuchira, apite bwino."

Achimwene anayamba. Analavula mwamphamvu ngati akuthirira dimba, n'kunena mawuwo msangamsanga. Ang'ono anga awiri anatsatira. Kapu inafika kwa ine.

Ndinagwada pafupi ndi mphasa. Bambo anandiyang'ana ndi diso lawo lamoyo lakumanzere, dovu likutsikira pachibwano. Ndinamwa madzi n'kuwasunga m'kamwa. Anali ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinkafunitsitsa kulavula. Koma ndikalavula ndinene kuti ndilibe chifukwa, nanga ngati chilipo pansi pomwe sindingachione? Kunama pamaso pa munthu wakufa mbali imodzi, komanso atate ako? Ndinaganiza kuti bodzalo likhoza kuwatsiriza. Ndinaganizanso kuti mwina n'zimene ndinkafuna. Khosi linadzitsekukira lokha, ndipo ndinameza.

Kumezako kunamveka nyumba yonse.

"Mwatani, mayi?" anafunsa azakhali, motsitsa mawu kwambiri.

"Andipitirira, azakhali."

Anandipatsanso kapu. Ulendo uno ndinalavula, ndinanena mawu onse, mwinanso mokweza kuposa anzanga. Amayi anali atasiya kuyendetsa kolona.

Ndikanatha kufotokoza, koma ndikanayambira pati? Kuti ndinalota ndikusita suti? Kuti kusukulu atiuza kuti munthu amafuna zinthu zimene sazidziwa? Azakhali akanangovomera ndi mutu, chifukwa iwo zimenezo anazidziwa kale, ndipo ali nalo dzina lake.

Bambo anamwalira Lachinayi. Pamaliro nditagwira chidebe kuti ndikatunge madzi osambitsira thupi, azakhali anandilanda mwaulemu. "Khalani pansi, mayi, mwatopa."

Papita zaka zambiri. Ndimaphunzitsa sitandade 5, ndili ndi ana anga atatu, ndipo ndinadzawerenganso kuti akatswiri ambiri masiku ano sagwirizana ndi dokotala uja pa nkhani ya maloto. Zinandithandiza pang'ono. Kwathu palibe ananditchulapo mfiti. Amandilandira bwino, amandiphera nkhuku, timaseka.

Chaka chatha amayi anadwala chibayo, anagona m'chipatala masabata awiri. Ana awo ena onse anasinthana kuwadikirira, ngakhale mlamu wanga amene sagwirizana nawo. Ine anandiimbira foni amayi atatuluka kale.