Fyuzi ya Alamu Anga

Chala changa chamkombaphala chakumanzere sichipindika. Anthu kutchalitchi akandifunsa ndimati ndinagwera pa ampu, chokuzira mawu a gitala, ndipo si bodza. Koma bambo wamkulu sagwa yekha pa ampu dzuwa likuswa mtengo. Alipo amene anandigwetsa.

Ndimayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, pamsika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba ku Canning Vale, kutsidya kwa nyanja kutali ndi kwathu, koma anthu athu kuno amandidziwa ndi gitala. M'nyumba mwathu chilichonse chinali ndi mwini wake. Pabalaza panali pa mkazi wanga, TV inali ya mwana wathu wamkazi, ndipo ine changa chinali galaja. M'galajamo munali raki, bokosi lachitsulo limene mumasanjikizamo zipangizo zokometsera mawu a gitala, china pamwamba pa chinzake ngati madirowa. Ndinaimanga pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo waya aliyense wa kumbuyo kwake ndinamulumikiza ndi manja angawa. Sindinkalola munthu kuikapo ngakhale kapu ya tiyi.

Korona itabwera, mapemphero anasamukira pafoni, ndipo m'pamene raki yanga inandichititsa manyazi. Inali ndi kaphokoso kong'ung'udza ngati firiji yakale. M'holo kankabisika m'mawu a kwaya, koma pafoni aliyense ankakamva. Mayi ena a mumpingo anachita kuimba foni kufunsa ngati m'nyumba mwathu mwalowa njuchi. Ndinapsa mtima sabata yonse.

Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kuwonjezera chipangizo china mu raki choti chizimeza phokosolo, kapena kuitaya yonse n'kupeza ampu imodzi yokhala ndi mababu agalasi m'kati, ija mumangolumikiza gitala ndi chingwe chimodzi basi. Mtima wina unkati wonjezera, usataye thukuta lako. Wina unkati wakula, msana wako watopa ndi kunyamula chitsulo Lamulungu lililonse. Ndinkasintha maganizo ngakhale ndili pa folokolifiti, bokosi la kabichi lili m'mwamba.

Nthawi imeneyi m'nyumba tinali ndi mlendo, achimwene ake aakulu a mkazi wanga. Anabwera kudzaona ubatizo wa mwana, ndege zinaima, boda inatsekedwa, ndipo ulendo wa milungu yochepa unasanduka wokhaliratu. Viza yawo inali ya alendo, yongowonjezera masiku. Kwathu bambo amenewa si munthu wamba kwa ine. Ndiwo ankhoswe a ukwati wathu, ndiwo malume a mwana wanga, ndipo ine kwa iwo ndine mkamwini. Koma kuno ankadya changa ndi kugona pamatiresi anga, ndipo tonse awiri zimenezi zinkatiwawa ngakhale palibe ankanena.

Ku Lilongwe ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo, ndiye manja awo sankatha kukhala phee. Anamasula ketulo yathu, fani, ngakhale belu la pakhomo limene linalibe vuto lililonse mpaka tsiku limene analigwira. Akalowa m'galaja ankaima kumbuyo kwa raki, manja ali kumbuyo, n'kumapukusa mutu.

"Alamu, mawaya onsewa ndi a gitala imodzi? Mundipatse tsiku limodzi, phokoso limeneli ndilithetsa."

"Zikomo alamu, koma izi musakhudze."

"Inu simudziwa kuti ine ndakonza maampu a mabandi akuluakulu?"

"Ndikudziwa. Koma izi musakhudze."

Kenako ndinapeza mzungu wina wachikulire wa ku Kwinana, wowotcherera zitsulo, amene anali ndi ampu ya mababu koma mtima wake unali pa raki. Tinagwirizana zosinthana mongoyesa mpaka kutha kwa mwezi. Wina akapanda kukhutira, aliyense atenge chake. Anaikapo lamulo limodzi, ndipo tinagundanitsa zigongono m'malo mogwirana chanza: chimene chawonongeka m'manja mwako, chimenecho ndi chako. Ndinakweza raki yanga m'galimoto yake mtima ukundipweteka ngati ndikuperekeza mwana kusukulu yogonera konko.

Ampu ija inkaimba, abale. Ukakhudza nsambo pang'ono inkanong'ona, ukaikanda mwamphamvu inkabangula, ndipo njuchi zija kunalibe. Komabe ndinkasowa raki yanga. Phazi linkafunafuna mabatani amene kunalibe, ndipo nyimbo zina zinkamveka zamaliseche. Pofika sabata yomaliza ndinali nditasankha: ndibweza ampu, nditenga raki yanga, ndiwonjezera chipangizo chija. Ndinauza mkazi wanga, ndinauzanso alamu tikudya.

Lachisanu masana ndikuimba, ampu inangoti zii. Nditayang'ana kumbuyo kwake ndinapeza fyuzi yapsa. Fyuzi ya ampu ya mababu sipsa chabe, imakhala ikukuuza kuti m'kati muli chimene chikudwala. Ndinaimbira mwini wake, ndipo anati babu limodzi linali lokalamba kale, limenelo ndi vuto lake osati langa, ndingoisiya osayatsa mpaka adzaione. Ndinazula pulagi, ndinakulunga chingwe, ndinaifunditsa nsalu. Alamu anali pakhomo la galaja akumva zonse.

"Fyuzi yokha? Imeneyo ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

"Alamu, chonde. Si yanga. Ikapsa, raki yanga yapita."

Loweruka ndinaweruka masana. Mkazi wanga anali kuntchito kuchipatala chachikulu ku Nedlands, kumene ndi namwino. Ndikutsika m'galimoto ndinamva fungo, lija la waya wopserera losakanikirana ndi phula. Ndinathamanga. M'galaja utsi unali tolo, ndipo alamu anali akukupiza ampu ndi katoni. Pansi panali paketi ya fodya yong'ambidwa. Anachita zimene amachita aliyense wokonza mawailesi kwathu fyuzi ikasowa: anakulunga fyuzi yakufayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kuibwezera, n'kuyatsa.

"Mwatani?"

"Inayaka bwinobwino, alamu. Inaimba. Zinthu za azunguzi n'zosalimba."

"Ndinakuuzani chiyani dzulo?"

"Musandikalipire ngati mwana."

"Ndinakuuzani chiyani? Mwandiphera raki! Mumadya changa, mumagona panga, chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani!"

Mawu akuti mumadya changa ndi amene anayatsa moto. Nkhope yawo inasintha. Anataya katoni ija, nabwera pafupi mpaka ndinamva mpweya wawo wa fodya, ndipo ulemu wonse anausiya pomwepo.

"Iwe, ukudziwa amene ukulankhula naye? Mkazi ameneyu ndinakupatsa ndine. Mwana ali m'nyumbamu ndi wanga. Iwe ndiwe mkamwini chabe, ngakhale ukhale ku Ulaya."

"Kuno ndi kwanga. Tulukani m'galaja mwanga."

Mbama inandipeza ndisanatseke pakamwa. Khutu linalira. Ndinaona mdima, ndipo nditayambanso kuona ndinali nditawagwira pakolala ndikuwakankhira kukhoma. Mutu wawo unagunda shelefu, zitini za penti zinagwa, misomali inangoti balala pansi. Anandimenya chibakera pakamwa, ndinalawa magazi. Ndinawabwezera cha m'nthiti ndipo ndinamva akubuula. Sindinama, panthawi imeneyo ndinkafuna kuwapweteka. Miyezi yonse ya ketulo, fani, belu, ndi kundiyang'ana ngati wantchito m'nyumba yanga yomwe, inatulukira m'manja.

Anali munthu wamphamvu kuposa mmene ankaonekera. Anandipana pakhosi ndi mkono, ndipo tinazungulira galaja yonse tikupuma ngati ng'ombe, tikuponda zingwe, tikugwetsa sitandi ya maikolofoni. Gitala yanga inagwa chafufumimba n'kulira yokha. Ndinamva mwana akukuwa pakhomo lolowera kukhitchini, "Dad, stop! Uncle, stop it!" Ndinacheuka kuti ndimuuze abwerere m'nyumba. Pomwepo alamu anandikola mwendo n'kundikankha ndi mphamvu zawo zonse.

Ndinagwera pa ampu. Inagubuduka, ndipo dzanja langa lamanzere, pofuna kudzitchinjiriza, linalowa kumbuyo kwake kumene kuli mababu. Galasi lotentha linasweka m'dzanja mwanga. Poyamba sindinamve ululu, ndinangomva kutentha. Nditalitulutsa, magazi anali chuchuchu mpaka m'chigongono, ndipo chala chamkombaphala chinali chitagona chammbali, chotseguka mpaka ndinaona choyera m'kati. Ndinachiuza kuti chipindike. Sichinandimvere.

Alamu anakhala pansi pamisomali paja, manja kumutu. "Mayo ine. Alamu. Mayo ine." Ulemu unabwerera msanga, koma chala changa chinali chitapita kale. Ndinakulunga dzanja ndi nsalu ija ndinafunditsa ampu, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene anatuluka atamva phokoso, ndi amene anandithamangitsira ku Nedlands. Alamu anatsala ndi mwana.

Kuchipatala mkazi wanga anatsika kuchokera kuwodi yake atavala masiki, moti ndinkangoona maso okha. Mwana anali atamuimbira kale foni, ndipo ankadziwa zonse. Anaima kumapazi kwa bedi. Dokotala, mtsikana wamng'ono, anayang'ana chala, kenako mlomo wanga wotupa, kenako mikwingwirima ya pakhosi. Anatseka katani n'kundifunsa mofatsa ngati alipo amene wandichita zimenezi, ndipo anati ndikafuna angathe kuitana apolisi.

Ndinkafuna. Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna. Ndinkadziwanso chimene chingachitikire munthu wa viza ya alendo akalowa m'manja mwa apolisi pamlandu wovulaza munthu, boda ili yotseka, kwawo kulibe ndege yopitako. Kwathu mlandu wa m'banja umapita kwa ankhoswe. Nanga wokuvulazayo akakhala nkhoswe yemweyo, umapita kwa yani? Ndinayang'ana mkazi wanga. Sanandipemphe kanthu, sanapukuse mutu, koma manja ake anali atagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu.

"Ndinagwera pa ampu," ndinatero.

Dokotala anafunsanso kachiwiri. Ndinayankha chimodzimodzi.

Anasoka mtsempha, anayesetsa, koma chala chinauma chowongoka. Mzungu wa ku Kwinana anabwera kudzaona ampu yake, ananunkhiza kumbuyo, anatola kapepala konyezimira kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anandimvera chisoni, koma pangano linali pangano, ndipo sindinamuchonderere. Raki inatsala kwake. Nkhani imene inandisowetsa mtendere miyezi yonse ija inathera pa paketi ya fodya.

Alamu anakhala nafe mpaka boda itatsegulidwa. Sanapepese ndi pakamwa, ndipo ine sindinawakhululukire ndi pakamwa. Tinkapatsana moni, tinkadya pamodzi chifukwa cha mwana. Ampu ija ndinakaikonzetsa kwa odziwa, ndipo mapemphero a m'holo atayambiranso, Lamulungu lililonse m'mawa ndinkaipeza ili kale m'galimoto. Alamu ankainyamula okha, kukaitula kutsogolo kwa tchalitchi, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Anthu ankati ndili ndi mlamu wabwino, ndipo ndinkangoti zikomo.

Ndinaphunziranso kuimba ndi zala zitatu. Nyimbo zina ndinazisiya, chifukwa zimafuna chala chogona pansambo zonse, ndipo changa sichigwira. Ndikamaimba chimangoima chokha pamwamba pa gitala, choloza kutsogolo. Lamulungu lawo lomaliza asanakwere ndege, abusa anawaitana alamu kutsogolo kuti tiwapempherere, ndipo anandipempha kuti ndiziimba chapansipansi. Alamu anaima pafupi ndi ampu, moyang'anana nane. Mpingo wonse unatsinzina, kupatula ife awiri. Ndinaimba nyimbo yonse chala chija chikuwaloza pachifuwa, ndipo iwo sanasunthe, anangochiyang'ana misozi ikutsikira m'masiki.